Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: mabanja a ku Balaka ndi Machinga amene akudwazika ana odwala khansa

Olemekezeka a Nduna,

Kalata ino ikunena za mabanja a m'maboma a Balaka ndi Machinga amene akudwazika ana odwala khansa, ndipo mfundo yake ndi yakuti chikhulupiriro chimene chimalimbitsa mabanjawa pa miyezi yonse ya chithandizo chafika posenza katundu amene mwini wake ndi boma. Mipingo ndi mizikiti ikutonthoza makolo, ikusonkha ufa ndi ndalama, ikuyendera odwala, koma pamene zopereka za anthu osauka okhaokha zatha, mwana amene anayamba bwino kulandira mankhwala amalephera kuwamaliza chifukwa cha mtengo wa minibasi yopita ku Blantyre, ndipo amamwalira ndi matenda amene madokotala akanatha kuwachiza.

Khansa ndi matenda amene amayamba pamene tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi, totchedwa maselo, tayamba kuchulukana mopanda malire mpaka kupanga chotupa kapena kuwononga magazi. Khansa imene imapezeka kwambiri mwa ana a m'Malawi ndi ya Burkitt, imene inatenga dzina la Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni amene anaifotokoza m'chaka cha 1958 atawona ana ambiri otupa nsagwada ku Kampala m'dziko la Uganda. M'chaka cha 1964 akatswiri anapeza m'zotupazo kachilombo kotchedwa Epstein-Barr, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti matendawa amachuluka kumadera kumene ana amadwala malungo mobwerezabwereza, popeza malungowo amafooketsa mphamvu ya thupi yoletsa kachilomboko kusokoneza maselo. Ichi n'chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza kwambiri Balaka ndi Machinga, maboma otentha a m'mphepete mwa Shire amene anali m'gulu la maboma 11 omwe anasankhidwa kuyamba kulandira katemera wa malungo m'chaka cha 2019. Chotupa cha Burkitt, chimene chimamera pansagwada, kuzungulira diso kapena m'mimba, chimakula mofulumira kwambiri moti chikhoza kuwirikiza kukula kwake pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo sabata iliyonse imene imatayika pamene mwana akupatsidwa mankhwala a dzino kapena a njoka za m'mimba imachepetsa mwayi wake wochira. Komabe kufulumira komweko n'kumene kumachititsa kuti chotupachi chimve mankhwala msanga, kotero kuti mwana wofika nthawi yabwino n'kumaliza chithandizo ali ndi mwayi weniweni wokhala ndi moyo. Palinso khansa ya impso yotchedwa Wilms, imene imaonekera ngati chotupa cholimba m'mimba mwa mwana wamng'ono, khansa ya m'diso imene chizindikiro chake choyamba ndi kuyera kwa kamwana ka diso, ndiponso khansa ya m'magazi imene imabwera ndi kuchepa magazi, kutentha thupi kosatha ndi kuphwanya kwa mafupa.

Bungwe la World Health Organization limawerengera kuti ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amadwala khansa chaka chilichonse padziko lonse, ndi kuti m'mayiko olemera ana oposa 80 pa 100 alionse amachira pamene m'mayiko ambiri osauka ochira safika 30 pa 100 alionse. M'chaka cha 2018 bungweli linakhazikitsa cholinga chakuti pofika 2030 ana osachepera 60 pa 100 alionse azichira, ndipo khansa za Burkitt, Wilms ndi ya m'diso zili pakati pa mitundu 6 imene inasankhidwa kuti iyambe kuganiziridwa chifukwa imachizika ndi mankhwala odziwika kale.

Njira ya mwana wa ku Phimbi, Kalembo, Nayuchi kapena Chikweo imayambira pa chipatala chaching'ono cha kwawo, n'kudzera pa chipatala cha boma cha Balaka kapena cha Machinga chimene chili ku Liwonde, n'kukathera ku Blantyre pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kumene kuli wodi ya ana odwala khansa yodziwika ndi dzina lakuti Sobo, imene Pulofesa Elizabeth Molyneux anaigwirira ntchito zaka zambiri. Ana ofunika opaleshoni, monga a khansa ya impso, amathandizidwa pamalo pomwepo ku Mercy James Centre, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2017. Mankhwala pachipatalachi ndi aulere, ndipo a Nduna ali ndi chifukwa chonyadira zimenezo. Koma chithandizo cha khansa sichitha ndi ulendo umodzi, popeza mankhwala opha maselo a khansa, amene amaperekedwa kudzera mumtsempha, amabwerezedwa m'zigawo zotalikirana masabata angapo, ndipo chigawo chilichonse chimafuna kuti mwana ndi womudikirira, amene ambiri amamutcha gadiyani, ayende makilomita oposa 100 kupita ndi ena otero kubwerera. Wodikirirayo nthawi zambiri amakhala mayi kapena agogo aakazi, amenenso ndi msanamira ya munda ndi ya pamoto kunyumba. Akachoka nthawi ya dzinja, munda wa chimanga kapena wa thonje umalowa thengo; ana otsala amagawidwa kwa achibale, mtsikana wamkulu amajomba kusukulu kuti aphikire azing'ono ake, ndipo mbuzi ndi njinga zimagulitsidwa pamtengo wolira. M'boma louma ngati Balaka, kumene mvula imadula kawirikawiri ndipo mabanja ambiri amadya zogula chaka chisanathe, matenda a mwana mmodzi amasanduka njala ya banja lonse chaka chotsatira.

Akatswiri a khansa ya ana ali ndi dzina la zimene zimatsatira: amati kusiya chithandizo, kutanthauza kuti mwana sanayambe n'komwe mankhwala amene akanamuchiza, kapena wadumpha masabata anayi otsatizana osabwera kudzalandira. Zoyambitsa zake n'zingapo, ndipo china mwa izo n'chomvetsa chisoni chifukwa chimachokera ku uthenga wabwino. Chigawo choyamba cha mankhwala chikaperekedwa, chotupa cha Burkitt chimaphwa m'masiku ochepa, mwana amayambanso kudya ndi kuseka, ndipo banja limene lagulitsa kale zonse limawona ngati ntchito yatha, pamene maselo a khansa otsalira m'thupi akuyembekezera kubwerera ndi mphamvu imene mankhwala oyamba aja sangaigonjetsenso mosavuta. Ena amabwerera m'mbuyo akawona tsitsi likuthothoka, mwana akusanza ndi kutuluka zilonda m'kamwa, n'kuganiza kuti mankhwalawo ndiwo akumupha. Enanso amalamulidwa ndi mwinimbumba, malume wake wa mwana, amene sanamvepo mawu a dokotala chifukwa uphungu unaperekedwa kwa mayi yekha, mwinanso m'Chichewa kwa munthu amene chiyankhulo cha mtima wake ndi Chiyao. Koma kafukufuku wochitika pa Queen Elizabeth pomwepo, amene zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 2022, anasonyeza kuti mabanja atalipiridwa thiransipoti yonse, n'kulandira uphungu wokwanira ndi kulondoledwa akachedwa kubwera, ana osiya chithandizo anatsika kuchoka pa 19 kufika pa 7 pa 100 alionse. Zotsatirazi zikutsutsa chizolowezi chonena kuti makolo akumudzi ndi osamva kapena osasamala. Ambiri mwa iwo amangosowa ndalama ya ulendo.

Pa nthawi yonseyi chimene chimagwiriziza mabanja ndi chikhulupiriro, ndipo ntchito yake iyenera kutchulidwa mwaulemu. Miphakati ya Akatolika, ndiko kuti timagulu ta mabanja oyandikana opemphera pamodzi, imapita kukalimira munda wa mayi amene ali kuchipatala. Amayi a Mvano ndi a Dorika amasenza nkhuni, ufa ndi sopo. Amayi a Dawa ndi atsogoleri a mizikiti amasonkhetsa sadaka pambuyo pa pemphero la Lachisanu, ndipo ena amathandizidwa ndi zakaati, chopereka chimene Msilamu aliyense wopeza bwino amalamulidwa kupereka kwa osowa. M'wodi, mayi Wachikhristu ndi mayi Wachisilamu amagawana phala ndi mpasa, ndipo pamene mwana wa mmodzi watsikira kwambiri usiku, mnzake ndiye amadzuka kukaitana namwino. Chikhulupiriro chimachitanso ntchito ina imene sioneka msanga: chimateteza banja ku maganizo akuti mwana walodzedwa. Chotupa chimene chasintha nkhope ya mwana m'masabata awiri chimadzutsa manong'onong'o m'mudzi, ndipo amene amalozedwa chala kawirikawiri ndi nkhalamba yopanda woiteteza. Koma m'busa, wansembe kapena shehe amene wanena poyera kuti awa ndi matenda a kuchipatala amapulumutsa mwanayo ku kuchedwa kwa asing'anga, n'kupulumutsanso nkhalambayo ku chipongwe.

Mawu amene makolo amawanena kwambiri pa nthawi zotere ndi akuti zonse adziwa ndi Mulungu. Mawu amenewa amapatsa mayi mphamvu yokwera minibasi kachisanu atamva kuti mwana wa pabedi loyandikana wamwalira. Koma mawu omwewo, akanenedwa ndi munthu amene thumba lake lauma, amakhala njira yaulemu yovomerezera kuti ulendo wotsatira sudzachitika, ndipo madokotala amalemba kuti banja lasiya chithandizo chifukwa cha chipembedzo pamene chenicheni ndi umphawi. Palinso alaliki ena, ochepa koma omveka patali, amene amauza makolo kuti kubwerera kuchipatala pambuyo pa mapemphero n'kukayikira Mulungu, ndipo chiphunzitso chimenechi, chikagwera pa nthawi imene chotupa chaphwa ndi mankhwala oyamba, chimapha ana. Lamulo la 2010 la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana limaika pa kholo udindo wosamalira mwana, koma kuopseza mayi wosauka ndi lamulo sikungabweze mwana kuchipatala. Amene angatsutse mlaliki wotere mogwira mtima ndi atsogoleri anzake a chipembedzo, ngati Unduna utawapatsa chidziwitso cholondola n'kuwatenga ngati abwenzi pa ntchitoyi.

Chopempha choyamba, chimene chikuposa zina zonse, n'chakuti thiransipoti ya mwana wodwala khansa ndi womudikirira ikhale gawo la chithandizo chimene boma limalipira, monga mmene limalipirira mankhwala. Mpaka pano thandizo lotere ladalira kwambiri mabungwe achifundo akunja, amene ntchito yawo ndi yoyamikika koma imayendera nyengo ya ndalama zawo. Ana odwala khansa m'maboma awiriwa ndi ochepa poyerekeza ndi anthu onse, amene kalembera wa 2018 anawapeza oposa 430,000 ku Balaka ndi oposa 730,000 ku Machinga, choncho ndalama yofunika si yoti ingagwedeze thumba la Unduna. Ndiponso mankhwala odula amene aperekedwa kwa mwana amene sanamalize chithandizo amakhala ataonongeka pachabe. Ndalamayi iyenera kupezeka pa chipatala cha boma cha Balaka ndi cha ku Liwonde tsiku la ulendo lisanafike, osati kubwezeredwa ku Blantyre kwa munthu amene analibe yonyamukira. Unduna ungathenso kukambirana ndi anzawo oyendetsa Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa, kuti banja limene likudwazika mwana wa khansa liziganiziridwa pa miyezi ya chithandizo.

Chopempha chotsatira ndi kulumikizana pakati pa Blantyre ndi kumudzi. Alangizi a zaumoyo, amene amayendera midzi ndi kuchititsa sikelo ya ana, aphunzitsidwe zizindikiro zochepa zosavuta kuloweza, ndipo mwana akatulutsidwa m'wodi ya Sobo, mlangizi wa dera lake adziwitsidwe tsiku lobwerera kuti akakumbutse banja ndi mwinimbumba yemwe. Anamwino ndi madokotala a zipatala zazing'ono, kuphatikizapo za mishoni za pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Utale, Kankao ndi Ulongwe, adziwe kuti kutentha thupi kwa mwana amene akulandira mankhwala a khansa ndi ngozi yofuna mankhwala amphamvu opha tizilombo tsiku lomwelo, chifukwa chitetezo cha thupi lake chimakhala chitatsika. Ana amenewa amafunanso magazi pafupipafupi, ndipo popeza bungwe la Malawi Blood Transfusion Service lili ndi nthambi ku Balaka komweko, koma limadalira kwambiri ophunzira a m'sukulu amene amabalalika pa tchuthi, mipingo ndi mizikiti ingathe kutseka mpata umenewo itapemphedwa mwadongosolo.

Si ana onse amene adzachire, ndipo banja limene lauzidwa kuti mankhwala alephera lisamatumizidwe kumudzi ndi pemphero lokha. Chisamaliro chochepetsa ululu, chonga chimene gulu la Umodzi limapereka kwa ana pa Queen Elizabeth, chiyenera kumutsatira mwana mpaka kwawo, ndipo mankhwala akumwa a morphine azipezeka pafupi, kuti mayi asamve kulira kwa mwana wake usiku wonse popanda chomupatsa.

Balaka ili ndi zida zofalitsira uthenga zimene maboma ambiri alibe, popeza kuli wailesi yakanema ya Luntha ndi malo osindikizira mabuku a Montfort Media, pamene Radio Maria ndi Radio Islam zimamveka m'midzi ya m'chigawochi. A Nduna akupemphedwa kuti pofika pa 15 February, tsiku loganizira ana odwala khansa padziko lonse, aitanitse ku Balaka msonkhano wa akuluakulu a zaumoyo a maboma awiriwa, madokotala a wodi ya Sobo, mafumu, ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, kuti agwirizane uthenga umodzi wa m'Chichewa ndi m'Chiyao. Ndiponso kuti mu ndondomeko ya zachuma ya chaka chimene chimayamba pa 1 April muoneke ndalama yolembedwa dzina lake, ya maulendo a ana odwala khansa ndi owadikirira.

Mwaulemu waukulu,
Nzika ya m'boma la Balaka