Musagumule Kacisi wa Makolo

Alipo anyamata ena ocokera ku Johannesburg ndi ku London, amene pofika kuno ku Mlangeni apenya kacisi wakale wa njerwa, nati, Timgwetse uyu, timange wa simenti wonga wa kunja. Ndifunsa ine, kodi anayenda ali citsinzinire? Pakuti ku London komweko kacisi wa Westminster, amene anayamba kummanga m'caka ca 1245, akali ciimire, ndipo eni ace amsamala ndithu. Ku Blantyre nakonso, David Clement Scott, munthu wosaphunzira za mamangidwe, pamodzi ndi anthu a dziko lino anaumba njerwa, namanga kacisi kuyambira 1888 kufikira 1891. Ndipo anthu apemphera momwemo ndi lero lomwe.

Njerwa za makacisi a m'midzi mwathu anaumba ndi makolo athu, amai natunga madzi kudambo. Tikagumula makoma awa, tidzaloza ciani mwana akafunsa za nchito ya agogo ace? Denga likadontha, tifolere. Khoma likang'aluka, timate. Anthu akacuruka, tionjezeko. Koma kugumula ai. Inu akulu a mpingo, musabvomere cinthu cotere.