Kamphete ka pamwendo wa namzeze

Mwezi wa Okutobala ukafika, ife kuno timakhala tili kalikiliki kusosa m'minda, dzuwa likuswa mtengo, maso ali kumwamba kudikira chizimalupsa. Nthawi yomweyo ku England kumakhala kukuyamba kuzizira, masamba akuyoyoka m'mitengo ndipo usiku ukunka nutalika. Imeneyi ndiyo nyengo imene mbalame za kumeneko zimasamuka. Pali malo ena m'mphepete mwa nyanja, otchedwa Spurn, kumene anthu amadzuka m'bandakucha kukatchera mbalamezi maukonde. Sazitchera kuti apeze ndiwo ayi. Akaigwira mbalame amaiyeza, amaiveka kamphete kachitsulo kumwendo, kenaka n'kuilola kuti ipitirize ulendo wake.

Ambiri a ife tikamva zotere tingathe kupukusa mitu n'kunena kuti n'zochita za anthu okhuta. Ife tikuona mosiyana. Ntchito imeneyi ndi yaphindu, ndipo ikutikhudza kuposa mmene tikuganizira, pakuti mbalame zina zovekedwa timphete ku Ulaya zimadzathera ulendo wake kumwera kuno kwa Africa.

Spurn ndi kamtunda kamchenga kopyapyala ngati lilime, kotalika pafupifupi makilomita 5, komwe kali m'chigawo cha Yorkshire pamene mtsinje wa Humber umathira m'nyanja ya North Sea. Pena kamtundaka n'kopapatiza mpaka mamita 50 okha, madzi uku ndi uku. Bungwe la Yorkshire Wildlife Trust lakhala likusamala malowa kuyambira 1960, koma oyang'ana mbalame anakhazikitsapo malo awo ogwirira ntchito nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Mu Disembala 2013 mafunde aakulu anakokolola msewu wopita kunsonga, moti masiku ano nyanja ikadzaza kwambiri nsongayo imasanduka chilumba.

Mbalame zimachuluka pamenepa pa zifukwa ziwiri. Zimene zikuchoka kulowera kumwera, monga anamzeze, zimatsata gombe, ndipo kupapatiza kwa mtundawo kumaziunjika pamodzi ngati ng'ombe pachipata cha khola. Zina zimakhala zikufika kumene kuchokera ku Norway, Sweden ndi Denmark, kothawa chisanu choopsa cha kwawo, ndipo gombe limeneli ndilo mtunda woyamba umene zimauona pambuyo pa usiku wonse zili pamwamba pa madzi.

Taganizirani za kambalame kotchedwa goldcrest, kamene kali kakang'ono kuposa mbalame zonse za ku Ulaya. Kamalemera magalamu 5 kapena 6, ngati shuga wa mu supuni yaing'ono ya tiyi, moti mpheta imodzi ingalemere mofanana ndi tinayi kapena tisanu. Kambalame koteroko kamawoloka nyanja ya makilomita oposa 500, usiku, popanda nthambi yoti n'kuterapo, ndipo kakagwera m'madzi kwake kwatha. Mphepo ikamawomba kuchokera kum'mawa, n'kubwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza, timbalameti timagwa m'tchire la ku Spurn mazanamazana, titatopa kotheratu, mwakuti timafunafuna tizilombo todya pafupi ndi mapazi a anthu osachita nawo mantha. Akuluakulu ananena kuti timba sachepa ndi mazira ake. Mwambiwu ukanamukwana bwino mnzake wa ku Ulayayu.

Kagwiridwe kake nako n'kofunika kukamvetsa, chifukwa pamenepa m'pamene anthu ena amakhumudwira. Ogwira ntchitoyi amamanga maukonde a ulusi wopyapyala kwambiri, ovuta kuwaona, pakati pa tchire. Alinso ndi msampha waukulu wa waya, wotambalala kukamwa n'kumanka nupapatiza ngati mono wa nsomba, umene amautcha Heligoland potengera dzina la chilumba cha ku Germany kumene unayambira. Maukondewo amawayendera pafupipafupi. Mbalame ikakodwa amaiwonjola mosamala n'kuiika m'kathumba kansalu kuti idekhe. Akatero amasankha kamphete koyenera kukula kwa mwendo wake, kopepuka, kolembedwa nambala imene palibe mbalame ina padziko ili nayo, pamodzi ndi adiresi. Amayeza kutalika kwa phiko, amayang'ana nthenga kuti adziwe ngati ndi yobadwa chaka chomwecho kapena yachikulire, ndipo amauzira mpweya pachifuwa kuti nthenga zipatuke, aone mafuta amene ali pansi pa khungu. Mafuta amenewo ndiwo kamba wa paulendo: mbalame yoonda ndiye kuti yangofika kumene, yonenepa ndiye kuti ili pafupi kunyamuka. Pomaliza amaiika pasikelo, amalemba zonse m'buku, n'kutambasula dzanja. Zonsezi zimatha m'mphindi zowerengeka.

Sikuti aliyense angadzuke n'kuyamba kuchita zimenezi. Ku Britain ndi Ireland ntchitoyi imayendetsedwa ndi bungwe la British Trust for Ornithology, ndipo munthu amayamba waphunzira nthawi yaitali pansi pa katswiri asanalandire chiphaso. Ambiri salipidwa kanthu, timpheteto amagulanso ndi ndalama za m'thumba mwawo, koma pachaka amaveka mbalame pafupifupi 1 miliyoni.

Kodi si nkhanza kugwira kambalame kotopa kale? Funsoli ndi loyenera ndipo sitingalinyoze. Mbalame imachita mantha ikagwidwa, ndipo zina zimafa ndithu. Kafukufuku amene anatuluka mu 2011, wowunika mbalame zoposa 600,000 zimene zinagwidwa m'maukonde ku United States ndi Canada, anapeza kuti pafupifupi ziwiri pa 1,000 zilizonse zinafa. Ziwirizo si zachabe, ndipo wogwira ntchitoyi amene sazimvera chisoni ayenera kusiya. Komabe tiyenera kuika imfa zimenezi pasikelo limodzi ndi zimene anthu aphunzira, ndipo tikatero sikeloyo imapendekera mbali imodzi moonekeratu.

Zoti mbalame zimabwera n'kupita pa nyengo yake, anthu anazidziwa kalekale. Mneneri Yeremiya, pa mutu 8 ndime 7, anadzudzula anthu a mtundu wake powayerekeza ndi dokowe, njiwa ndi namzeze, mbalame zosaphonya nthawi ya ulendo wawo. Anaziona ndi maso ake, pakuti dziko lakwawo lili pa mpita umene mbalame za ku Ulaya ndi Asia zimadzera polowa mu Africa. Chimene chinasowetsa anthu mtendere kwa zaka mazanamazana n'chakuti zikachoka zimanka kuti. Mpaka m'zaka za m'ma 1700, anthu ophunzira bwino a ku Ulaya ankakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa maiwe nyengo yonse ya chisanu. Mu 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, anthu anapha dokowe amene anali ndi mkondo utamubaya pakhosi. Mkondowo unali wosulidwa kuno ku Africa. Dokoweyo anauluka nawo ulendo wonse, ndipo mpaka lero akusungidwa ku yunivesite ya Rostock. Tingati mlenje wosadziwika uja, amene mwina anagona ndi njala tsiku limenelo, ndiye anapereka umboni umene akatswiri anali kuusowa.

Mphunzitsi wa ku Viborg m'dziko la Denmark, Hans Christian Cornelius Mortensen, ndiye anayamba kuveka mbalame timphete tokhala ndi manambala mu 1899. Ku Britain anayamba mu 1909. Mu Meyi 1911 namzeze wina anavekedwa kamphete ku Staffordshire, ndipo pa 23 Disembala 1912 anagwidwa pafamu ina pafupi ndi Utrecht ku Natal, m'dziko la South Africa, mtunda wa makilomita oposa 9,000. Nkhani ya matope ija inali itazilala kale, koma aka kanali koyamba kuti anthu a ku Britain adziwe motsimikiza kumene anamzeze awo amakathera.

Tiyeni tiime pang'ono pa nkhani ya ku Natal imeneyi. Woveka kamphete anachita mbali yake, namzeze anachita mbali yake, koma zonse zikanapita pachabe pakanapanda munthu amene anawerenga adiresi ija, n'kukhala pansi kulemba kalata yopita kwa anthu amene sankawadziwa n'komwe. Kamphete sikayankhula pokhapokha wina akatole ndi kunena. Ku Britain, pa mbalame 50 zilizonse zovekedwa, imene mbiri yake imadzamvekanso siikwana n'komwe imodzi, ndipo kwa timbalame ting'onoting'ono tobwera ku Africa chiwerengerocho n'chotsika koposa. Mbalame yotchedwa cuckoo ndiyo chitsanzo chomvetsa chisoni. Pa zonse zimene zinavekedwa ku Britain m'zaka pafupifupi 100, imodzi yokha ndiyo inapezeka kumwera kwa chipululu cha Sahara, ku Cameroon mu 1930. Mpaka mu 2011, pamene anayamba kuzimangirira timakina tolumikizana ndi setilaiti, m'pamene anadziwa kuti zimakakhala ku nkhalango za ku Congo. Timakinato n'todula, ndipo n'tolemera kwa mbalame zambiri zazing'ono, choncho kamphete sikanathe ntchito.

Wina angafunse kuti kudziwa kumeneku kumadyetsa yani. Yankho lili pa zimene zinachitika mu 1969. Chaka chimenecho mbalame zotchedwa whitethroat, zimene zimathawira ku West Africa nthawi ya chisanu, zinabwerera ku Britain zochepa modabwitsa: pafupifupi zitatu pa zinayi zilizonse zinasowa. Owerenga mbalame atafufuza anapeza kuti gwero lake linali chilala cha m'chigawo cha Sahel, chilala chomwecho chimene m'zaka zotsatira chinapha anthu ndi ziweto zosawerengeka. Mbalame zinanena za tsokalo dziko lisanatchere khutu. Chimene chimapha mbalame yapaulendo, kaya ndi kuuma kwa madambo, kutha kwa mitengo kapena kuchuluka kwa mankhwala m'minda, sichichedwa kufika pa mbale ya munthu.

Kuwerenga kumathandizanso kuti mlandu ugwere mwini wake. N'chapafupi kwa anthu a kumpoto kuloza chala Afirika kuti ndiwo akutha mbalame ndi ulimbo ndi misampha. Koma njiwa ya ku Ulaya yotchedwa turtle dove, imene ku Britain yatsika ndi zoposa 95 pa 100 zilizonse kuchokera cha m'ma 1970, yatha makamaka chifukwa ulimi wa kumeneko unafafaniza zitsamba zimene njiwayo inkadya njere zake, kuwonjezera pa mfuti za alenje a kumwera kwa Ulaya. Umboniwo utachuluka, France, Spain ndi Portugal anaimitsa kusaka njiwayi mu 2021. Popanda mabuku a anthu odzuka m'bandakucha aja, aliyense akanapitiriza kuloza mnzake.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Anamzeze amene amamanga zisa zadothi kudenga la tchalitchi kapena la sukulu ndi akwathu konkuno. Koma pali ena amene amaoneka mvula ikayandikira, amandandalika pa mawaya a magetsi, amagona m'bango, ndipo samanga chisa kuno. Amenewo ndi alendo ochokera ku Ulaya ndi Asia, ndipo amabwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Adokowe oyera amene amayenda m'minda kutola ziwala ndi mbozi nawonso ndi alendo. Nyanja ya Chilwa, imene mu 1996 inalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa pangano la Ramsar, imalandira mbalame zambiri zoterezi, ndipo mabanja ambiri a kumeneko amadalira kusaka mbalame, makamaka nsomba zikasowa. Sitikuweruza bambo amene akutchera kuti ana ake asagone ndi njala. Chimene sitikugwirizana nacho ndi kupha kopanda muyeso, pamodzi ndi kuponya malegeni kongosewera kumene ana athu amachita ife tikuyang'ana.

Chinanso chotilepheretsa ndi mantha. Munthu akapha mbalame n'kupeza chitsulo cholembedwa kumwendo, maganizo amathamangira ku ufiti, kapena amaopa kuti boma limugwira, ndiye amakataya msanga kutchire. Mantha otere si athu okha. Mu 2013 ku Egypt dokowe wochokera ku Hungary, amene anamupatsa dzina loti Ménes, anatsekeredwa kupolisi pomuganizira kuti kamakina kamene anali nako kanali ka ukazitape. Atam'masula sipanapite masiku ambiri, anapezeka ataphedwa. M'nyumba zathu tingathe kuuza ana ndi achibale a kumudzi kuti kamphete kotere kalibe mankhwala alionse. Ndi dzina ndi adiresi chabe, ngati zimene timalemba pa envulopu.

Tsono mukadzapeza mbalame yotere, abale ndi alongo, lembani nambala yonse ndi mawu onse ali pa kampheteko. Kawirikawiri pamakhala dzina la mzinda, monga London, Stockholm kapena Budapest. Lembaninso tsiku, mudzi ndi boma limene mwaipeza, ndiponso ngati inali yamoyo kapena yakufa, ndi chimene chinaipha, osabisa, pakuti ofufuzawo chimene akufuna ndi choonadi. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani. Mbalame ikakhala yamoyo musavule kampheteko: werengani n'kuilola ipite. Uthengawo ungatumizidwe pa intaneti ku bungwe la SAFRING la ku yunivesite ya Cape Town, limene limasunga kaundula wa mbalame zovekedwa kumwera kuno kwa Africa, kapena ku EURING, limene limagwirizanitsa mabungwe a ku Ulaya. Amene alibe intaneti angapemphe mphunzitsi wa pasukulu yapafupi kapena a bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi kuti awathandize. Mwambo wa mabungwe oveka mbalame ndi wakuti amayankha wotumiza uthenga, kumuuza mtundu wa mbalameyo, tsiku limene inavekedwa, malo ake, ndi makilomita amene inayenda kuti idzafike m'manja mwake.