Mphunzitsi adziwe ubongo wa mwana

Anzanga amaseka ndikanena kuti ife ophunzira zauphunzitsi tiziloledwa kutenga neuroscience, maphunziro a ubongo, ngati phunziro lachiwiri pa digiri. Amati zimenezo n'za madokotala. Koma kodi mlimi amadzala asanaidziwe nthaka?

Ku sekondale tinkachezera kuloweza notsi mayeso akayandikira, osadziwa kuti munthu akagona, mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus imathandiza kukhazikitsa zimene waphunzira masana. Mu 1885, Hermann Ebbinghaus anaonetsa kuti kubwereza phunziro masiku angapo kumaposa kuliunjika tsiku limodzi. Mphunzitsi wosadziwa izi amatcha mwana wosowa tulo mbuli.

Inde, phunziroli ndi lovuta, muli biology ndi chemistry. Komabe tiyeni tipemphe akuluakulu a koleji atipatse mwayiwu, ana amene tidzawaphunzitse asadzavutike monga tinavutikira ife.