NDEMANGA: Thukuta la wophunzira lisathere pa chipata

M'chaka cha 2010 aphungu a chigawo cha California ku America adakhazikitsa lamulo lotchedwa SB 1440, ndipo bwanamkubwa Arnold Schwarzenegger adalisainira. Lamuloli lidati wophunzira amene wamaliza mayunitsi 60 pa koleji ya boma ya zaka ziwiri, m'ndondomeko yovomerezeka, apatsidwe malo m'gulu la sukulu za California State University ndi kuyambira m'chaka chachitatu. Lidaletsanso sukuluzo kumubwerezetsa phunziro lofanana ndi limene adakhoza kale.

Aphunguwo sadachite izi mwamasewera. Lipoti la ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka boma la America, ya GAO, lidapeza mu 2017 kuti ophunzira osintha sukulu ankataya pafupifupi magawo 43 pa 100 alionse a maphunziro amene adakhoza. Phunziro lililonse lotayika ndi fizi yolipiranso, ndiponso miyezi ina yodikira ntchito.

Ife a nyuzipepala ino tikuti nkhaniyi ikutikhudza. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi idagawidwa: Polytechnic idasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidapanga KUHeS, pamene Chancellor College idatsala ndi dzina lakale. Bunda idali itachoka kale. Onjezanipo Mzuzu ndi MUST. Makoleji amene dzana adali a nyumba imodzi lero aliyense ali ndi khonsolo yake ndi malamulo ake, koma onse akudyera mbale imodzi, msonkho wa a Malawi.

Tsono taganizani za mwana wa mlimi amene wachita zaka ziwiri ku Zomba, ndalama n'kumuthera, kenaka n'kupeza mbale womusunga ku Mzuzu. Kodi auzidwe kuti ayambirenso chaka choyamba? Ngati zitero, boma lilipira kawiri phunziro limodzi, ndipo iye atseka malo a mnzake wongochoka kumene ku Fomu 4.

Ena anena kuti sukulu za ukachenjede zili ndi ufulu wodziweruzira zokha za maphunziro. Tikuvomereza, ndipo ufulu umenewo tidaulirira m'nthawi ya chipani chimodzi. Komatu ufulu wophunzitsa si chilolezo chokanira munthu popanda kumuuza chifukwa. Amene mudabwerera kumudzi mutanyamula mapepala a sukulu za kunja mukudziwa kuwawa kwa kuyenda ofesi ndi ofesi kufuna wokumverani.

Choncho tikupempha Nyumba ya Malamulo, pamodzi ndi bungwe loona za maphunziro a ukachenjede la NCHE, kuti zinthu zitatu zikhale m'lamulo lomveka kwa aliyense. Choyamba, mndandanda wa maphunziro ofanana m'sukulu zonse za boma usindikizidwe poyera. Chachiwiri, sukulu yokana phunziro ilembe zifukwa zake. Chachitatu, wokanidwa akhale ndi kokachita apilo.

Aphungu athu, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nkhaniyi ilowe m'Nyumba.