Mbiri ya Nkhamanga ndi Mabuku a Alendo

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Azungu ambiri amene adalemba za Afrika analibe kudekha kotere. M'chaka cha 1899 Dr W. A. Elmslie adasindikiza buku lotchedwa Among the Wild Ngoni, ndipo mu 1914 mbusa Donald Fraser adatulutsa Winning a Primitive People, lonena za Angoni, Asenga ndi Atumbuka. Mitu yokhayo idaweruziratu mlandu eni ake asanaitanidwe kubwalo: anthuwa adatchedwa olusa ndi osatsegula maso.

Ku Nigeria, Chinua Achebe adayankha chitonzo chotere mu 1958 ndi buku la Things Fall Apart. Iye adaonetsa Aigbo a ku Umuofia ali ndi mabwalo a milandu, maudindo opatsidwa chifukwa cha khama, ndi miyambi yokometsera nkhani. Sadabise zoipa ayi: mapasa ankatayidwa kuthengo, ndipo Okonkwo adapha Ikemefuna, mnyamata amene ankamutchula kuti atate. Pamapeto bwanamkubwa wachizungu akuganiza zoti moyo wonse wa Okonkwo ungokwana ndime imodzi m'buku lake. Mnyozo wa atsamunda wonse uli m'ndime imeneyo.

Chimene adzukulu ambiri sadziwa n'chakuti ku Rumphi yankho lidayamba kale, Achebe asanabadwe. Sukulu ya Livingstonia, imene Dr Robert Laws adakhazikitsa pa Khondowe mu 1894, idaphunzitsa anyamata kulemba kuti afalitse Uthenga, koma ena adatembenuza cholemberacho kuti chiteteze makolo awo. Saulos Nyirenda adalemba mbiri ya Atumbuka ndi Ahenga, imene T. Cullen Young adaimasulira m'Chingerezi ndi kuisindikiza mu 1931. M'mbiri ya ku Nkhamanga muli Mlowoka, amene adaoloka nyanja kudzagula minyanga ya njovu, nagawira mafumu nsalu, mikanda ndi makasu mpaka adakhazikitsa ufumu wa Chikulamayembe. Anthu a malonda, mapangano ndi mafumu sangatchedwe opanda mbiri. Ngakhale ng'anjo zakale za Aphoka m'mapiri a Nyika zikuchitira umboni kuti chitsulo chinkasungunulidwa kuno mishoni isanafike.

Komabe pali pamene Achebe adaposa. Nyirenda ankalemba ufumu wa Chikulamayembe utangobwezeretsedwa kumene mu 1907, pamene Chilongozi Gondwe adalongedwa, ndipo cholinga chake chidali kuukweza pamaso pa boma ndi pa Angoni amene adauphwasula. Akatswiri a mbiri, monga Leroy Vail, adaonetsa kuti ulamuliro wa ufumuwo sudafike kutali monga adanenera. Wolemba amene amangotamanda kwawo amapatsa mdani mpata womutsutsa. Amene amaulula ndi zipsera zomwe, monga Achebe, amakhulupirika ngakhale kwa omunyoza. Samuel Josia Ntara adayandikira njira imeneyi mu Nthondo wa 1933, ngakhale kuti adamaliza ndi kumutembenuza mtima munthu wakeyo, monga amishoni ankafunira.

Vimbuza, amene amishoni ankamuletsa, adalemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005. Chaka ndi chaka anthu amasonkhana ku Bolero pa mwambo wa Gonapamuhanya. Koma mwana wa ku Hewe kapena ku Mhuju akhoza kumdziwa bwino Okonkwo osamvapo dzina la Saulos Nyirenda, ndipo mlandu umenewo suli pa Elmslie kapena Fraser.