Mowa wakuda ufuna ulemu

Mwezi ukatha, matebulo a pa Northmead amadzala mabotolo, ndipo pakati pa Mosi na Castle simulephela kuona akuda aja. Ine ndilibe nao mlandu. Stout ni mowa wabwino. Vuto n'lakuti ambili amaumwa monga lager: amaŵelenga mabotolo, mphamvu osaŵelenga.

Kuda kwake kumacokela ku balele wokazinga kwambili, monga nshawa zimene zatsala pang'ono kupselela. Ndiye cifukwa cake umanunkhila ngati khofi na kuŵaŵa pang'ono pa lilime. Mu Castle Milk Stout amaikamo shuga wa mumkaka kuti ukhale wozuna, koma mphamvu yake ni 6 pelesenti. Guinness Foreign Extra ya ku Nigeria ni 7.5. Mtundu umenewo anaupanga wamphamvu dala kuti usasase pa ulendo wautali wa panyanja. Castle Lager ni 5 cabe. Manje ŵelengani: mabotolo anayi a 7.5 ni cimodzimodzi na ma lager sikisi. Amene akuti "namwako foo cabe" wadzinamiza.

Wodziŵa kumwa stout sathamanga. Safuna yozizila mpaka kuŵaŵitsa mano, cifukwa kuzizila kumabisa kukoma. Amathila m'tambula, n'kudikila thovu likhazikike, n'kununkhiza, n'kumwa pang'ono pang'ono, michopo ili pambali. Botolo limodzi limatha kupelekeza nkhani yonse ya mpila. Koma zakuti stout iwonjezela magazi, izo ni za pa bala. Wofuna magazi adye ciŵindi, kapenta na bondwe.

Mwina mufunsa kuti nkhani ya mowa ikufunanji kwa ife okwela minibasi. Ciŵindi ca munthu cimacotsa mowa pang'ono pang'ono, ndipo kusamba madzi ozizila olo kumwa tiyi sikucifulumizitsa. Amene wamaliza mabotolo sikisi akuda pakati pa usiku amauka ukali m'magazi. Ngati munthuyo ni ba dilaiva amene 05:00 akulonga ulendo woyamba kucoka ku Chelstone kupita m'tauni, ndiye kuti pa Great East Road tonse tili m'manja mwa mowa wa dzulo. A RTSA sangakhale pa siteshoni iliyonse.

Mu 2012 boma linaletsa tujilijili cifukwa tunali kupha anthu na mphamvu yobisika m'kapepala kocepa. Stout siyofunika kuiletsa, ifunika kuidziŵa. Ba dilaiva, ngati maŵa muli pa sitiyelingi, limodzi lakwana, ndipo mumwe kukali kuŵala. Eni mabasi, pofunsa za cashing muzinunkhizanso mpweya wa munthu amene mwamupatsa makiyi.

Nanga ife a pa mipando? Tikamva fungo la dzulo kutsogolo, tisamangoyang'ana pa windo monga sitinamve. Kambani, ndipo akakana, selukani. Basi ina ibwela.