Kodi Kuchepetsa Chilango Ndi Katangale?

Pali mau amene tikuwamva kawirikawiri m'misika ya ku Mponela ndi ku Ntchisi, ngakhalenso pakhomo la tchalitchi Misa itatha: akuti bwalo likamasula munthu woba mbuzi chifukwa choti n'koyamba kulakwa, ndiye kuti woweruza wadya ndalama. Mau amenewa tikuwakana, ndipo chotimvetsa chisoni n'chakuti akutuluka m'kamwa mwa Akhristu.

Woweruza wotere akungotsata lamulo. Ndime 340 ya lamulo la kayendetsedwe ka milandu m'Malawi imaletsa majisitireti kutumiza kundende munthu amene sadapezekepo wolakwa kale, pokhapokha ataona kuti palibe njira ina yomulangira, ndipo zifukwa zake azilembe. Ndime 339 imalola kuimika chilango, kuti munthuyo apite kwao koma asalakwenso. Palinso chilango chogwira ntchito yothandiza anthu osalandira malipiro. Choncho amene wapotoza lamulo ndi majisitireti uja wotsekera mnyamata woyamba kulakwa osafotokoza chifukwa, ndipo Bwalo Lalikulu lili ndi mphamvu yokonza chigamulo chotere pa apilo.

Koma kodi apilo amachita ndani? Wachuma ali ndi loya amene amakumbutsa bwalo kuti munthu wake adavomera mlandu, adabweza katundu, ndipo ndi wamng'ono. Mlimi wa fodya wa m'mapiri a Dowa akafunsidwa ngati ali ndi mau asadalandire chilango, amangoti, "Ndili ndi ana, bwana," kenaka n'kuweramitsa mutu. Sadziwa kuti mphindi imeneyi ingathe kuchotsa miyezi yambiri pa chilango chake. Achibale ake ali kumudzi, manyazi awagwira. A mphakati wake, amene amaimba naye kwaya, palibe ndi mmodzi yemwe.

Ena amati ndende imawongola munthu. Akafunse amene adagonako ku Maula. M'chaka cha 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, bwalo lidagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera munthu, nililamula boma kuchepetsa kuthithikanako ndi theka m'miyezi 18. Mwana amene walowa m'malo otere chifukwa cha thumba la chimanga amakagona pakati pa akatswiri a umbanda, ndipo amabwerako ataphunzira zimene kwao sakadazidziwa.

Ngakhale pa milandu yakupha, bwalo lidaona kuti anthu salakwa mofanana. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, Bwalo Lalikulu lidathetsa lamulo lokakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa kupha. Kuyambira 2015 milandu ya akaidi amenewa idamvedwanso. Othandiza pa zamalamulo adayenda m'midzi kufunsa mafumu ndi achibale za moyo wa munthu aliyense, ndipo oposa 100 adatuluka. Ngati lamulo limamvera mbiri ya wopha munthu, ife tingamukanize bwanji woba nkhuku?

Sitikunena kuti mayi wamasiye amene waberedwa mbuzi aiwalike. Abwezeredwe mbuzi yake, ndipo woba amene ali kumunda angathe kubweza msanga kuposa amene ali m'ndende. Wozolowera kuba, wogwiririra ana ndi wothyola nyumba ndi zikwanje, amenewo alandire zowayenera.

Ife amene timagwada m'malo olapira mwezi ndi mwezi tikudziwa kuti tidakhululukidwa koposa kamodzi. Tsono mwana wa m'mphakati mwathu akagwidwa koyamba, atsogoleri aiwo ndi makolo apite kubwalo tsiku la chigamulo, amuuziretu zoti akanene, ndipo chilango chikapyola muyeso akafunse ku ofesi ya Legal Aid Bureau za apilo masiku ake asadathe.